Mapiritsi a Zulekha

Jamal atangolowa pageti la kwawo ku Biwi anadziwa kuti pafika mlendo. Pakhonde panali makapu awiri a tiyi, ina ili ndi utoto wa milomo m'mphepete. Amayi ake, Abiti Idi, anali pamkeka atakumbatira maondo, osasoka, osasankha mpunga, angokhala ndwii. Anawapatsa salamu. Anayankha osamuyang'ana.

"Khala pansi," anatero. "Amalume ako ndawaimbira foni. Loweruka ku Kawale sapitakonso."

Loweruka limenelo ndi limene amalume ake anayenera kukaonekera kwawo kwa Zulekha kukafunsira mbeta. Jamal anali atalidikira zaka ziwiri, kuyambira tsiku limene anakhala moyandikana ndi mtsikanayo m'minibasi ya ku Area 23, n'kupitirira dala siteji yake kuti angomva dzina lake.

"Chachitika n'chiyani, amayi?"

"Ukufunsa ine? Mtsikana wako ali ndi khansa, iwe n'kumandibisira."

Jamal anaseka, poyesa kuti makutu amunamiza.

"Zulekha ali ndi nyamakazi. Ndinakuuzani kalekale. Zala zimatupa m'mawa, akamwa mankhwala zimaphwa. Basi."

"Nyamakazi mwana wa zaka makumi awiri ndi zinayi? Nyamakazi ndi yathu ife." Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kopindapinda. "Werenga apa. Wandilembera ndi Karima."

Karima anali mwana wa mnzawo wa Abiti Idi wa kumzikiti. Ankagulitsa mankhwala m'famase ina ku Area 36, ndipo kuyambira ali wamng'ono Abiti Idi ankamutchula kuti mpongozi, moseka, koma kuseka kokhala ndi mano mkati. Pakapepalapo panali liwu limodzi lolembedwa bwinobwino: methotrexate.

"Akuti mapiritsi amenewa akasowa kuchipatala, Zulekha amakagula kwa iyeyo. Akuti ndi mankhwala a khansa. Nanga bambo ake a Zulekha, Che Mwamadi, anapita ndi chiyani? Si khansa yomweyo? Jamal, ine bambo ako ndinawasambitsa zaka zitatu ali chigonere. Sindikufuna mwana wanga ayambe banja ndi beseni m'manja."

Mapiritsiwo Jamal anali atawaonapo, timapiritsi tiwiri titatu tachikasu. Dzina lake sanafunsepo.

* * *

Analowa kuchipinda kwake n'kulemba dzinalo pafoni. Mzere woyamba umene unatuluka unanena za khansa. Wachiwiri unanena za nyamakazi. Wachitatu unabwereranso ku khansa. Anawerenga mpaka maso kuwawa, ndipo ankati akamvetsa chiganizo chimodzi, chotsatira chinkamulanda.

Analembera Zulekha pa Watsapu.

"Kodi mapiritsi umamwa aja ndi a chiyani kwenikweni?"

Yankho linabwera msanga. "Bwanji?"

"Ndangofunsa."

"Zaka ziwiri sunafunsepo. Wakuuza ndani?"

Jamal analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Ali mkati moganiza, uthenga wina unalowa, wa nambala ya Karima, imene sanaisunge koma ankaidziwa.

"Achimwene Jamal, pepani ngati ndalakwa. Mtima unangondikana kukhala chete amayi asakudziwa. Mukafuna wocheza naye, ine ndilipo."

Anauyang'ana nthawi yaitali. Sanadziwe ngati ndi munthu womuthokoza kapena womukalipira. Ngati Karima wanama, n'chifukwa chiyani foni ikumuvomereza? Ngati wanena zoona, ndiye kuti Zulekha wakhala akumwetulira zaka ziwiri atabisa chinthu chachikulu chotere? Pomaliza analemba kuti, "Ndamva," n'kutumiza. Atabwerera kwa Zulekha anapeza mawu awiri okha.

"Ubwere mawa."

* * *

Mawa lake masana anamupeza pakhonde la kwawo ku Kawale, atavala mpango wobiriwira, akulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Amayi ake anali chapatali pansi pa mtengo wa mapeyala, akuluka mphasa ya ulusi, koma khutu lili kuno. Jamal anawapatsa salamu, kenako anatambasula dzanja kuti atsegule botolo. Zulekha analikokera pachifuwa.

"Ndisiye. Ndikazolowera kutsegulidwira, tsiku udzandithawe ndidzatani?"

"Ndani wanena zothawa?"

"Amalume ako aimbira amalume anga dzulo lomwe. Akuti Loweruka ali ndi maliro ku Mangochi. Maliro odziwika Lolemba kuti adzachitika Loweruka, Jamal?"

Jamal anakhala pamasitepe n'kufotokoza zonse: kapepala, Karima, beseni. Zulekha anamvetsera osaphethira. Atamaliza, Jamal anamufunsa molunjika.

"Ndiuze zoona. Uli ndi khansa?"

Ankayembekeza kuti akwiya, kapena aseka. Zulekha anaika botolo pansi.

"Sindikudziwa."

"Sukudziwa bwanji? Thupi ndi lako."

"Adokotala anati ndi nyamakazi ya mtundu wina, yoti chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake. Anati pali kanthu kena m'magazi, dzina lake IL-6, kamene kamasonkhezera kutupako. Ine ndinalemba dzinalo padzanja. Nditafika kunyumba ndinalifufuza pafoni, ngati mmene wachitira iwemo." Anatsitsa mawu, n'kuyang'ana kumene kunali amayi ake. "Ndinapeza dzina lomwelo pa nkhani ya matenda amene anapha ababa. Khansa ya m'mafupa ija. Akuti IL-6 ndi amene amaidyetsa. Kenako ndinawerenga pa bokosi la mapiritsi anga, n'kupezanso liwu lomwelo la khansa. Ndiye undiuze iweyo. Kanthu kamodzi, mankhwala amodzi, magazi amodzi ndi ababa. Ndiganize chiyani?"

"Bwanji sunawafunse adokotala?"

"Ndinkaopa kuti andiyankha."

Jamal anagwira mutu. Anabwera kudzafuna yankho kwa mwini wake, n'kupeza mwini wakeyo ali mumdima woposa wake. Mkwiyo umene anaunyamula kuchokera ku Biwi unasowa pokhala.

"Miyezi ingati ukuganiza zimenezi wekha?"

"Chaka chatha." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Lachinayi ndi tsiku langa lokaonana ndi adokotala. Ngati uli ndi mtima, tiye. Ukafunse iweyo zimene ine ndikulephera."

* * *

Lachinayi anafika kuchipatala chachikulu m'mawa, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kukwera. Zulekha analowa yekha kaye kukapimidwa. Patapita nthawi anasuzumira pakhomo n'kumukodola.

Dokotala Pemphani anali bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu, wolankhula ngati alibe mzere panja. Jamal anapempha kuti ajambule mawu awo pafoni, amayi ake akamve okha. Adokotala anayang'ana Zulekha, Zulekha anagwedeza mutu, ndipo anavomera.

"Mumakhala kuti, achimwene?"

"Ku Biwi."

"Kwanuko akaona wakuba amatani?"

"Amaimba wisulo. Anthu n'kutuluka ndi zibonga."

"Basi, mwamva kale theka la nkhani. IL-6 ndi wisulo ya m'thupi. Ndi kapuloteni kakang'ono kamene maselo amatulutsa pakalowa kachirombo kapena pakavulala. Ikalira, thupi limatentha, malo ovulalawo amatupa, asilikali a m'magazi amathamangira komweko. Tonsefe tili nayo, ine, inu, amayi anu. Popanda iyo, kachilonda kakang'ono kakhoza kutipha. Wakuba akagwidwa, wisulo imaleka."

"Ndiye ya Zulekha?"

"Yawo siikuleka. Ikulira m'mfundo za zala, pamene wakuba palibe. Anthu a zibonga aja akafika n'kusowa womumenya, amayamba kuphwanya zitseko za mwini nyumba. N'kutupa mukuonaku. Kutopa kuja, kuchepa magazi kuja, n'zomwezo. Wisuloyo sitiiyeza mwachindunji kuno. Timayeza chinthu china, CRP, chimene chiwindi chimapanga chikaimva ikulira. Chaka chatha CRP yawo inali pamwamba kwambiri. Lero yatsika."

Jamal anafunsa kuti, "Nanga khansa ikulowa pati?"

"Ababa anga," Zulekha anatero motsitsa. "Anali ndi myeloma."

Adokotala anavula magalasi. "Mwakhala mukusenza zimenezi osandiuza? Mverani. Pa matenda a bambo anuwo, maselo ena a m'mafuta a m'mafupa amasanduka osamvera, n'kumachulukana okha. Maselo amenewo akamva wisulo yomwe ija, kwa iwo ili ngati belu la chakudya. Imawathandiza kukula ndi kukana kufa. N'chifukwa chake mwapeza dzina limodzi pa matenda awiri. Koma wisulo si wakuba. Kulira kwake sikutanthauza kuti khansa ilipo."

"Pepani adokotala," Jamal anadula, thukuta lili pamphuno. "Mwati wisulo imaitana omenya wakuba. Tsopano mukuti imadyetsa wakuba. Ndiye ndi yabwino kapena yoipa?"

"Zonse ziwiri. Zimatengera ikulira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso akuimva ndani."

"Ndiye ali nayo kapena alibe?"

"Khansa? Alibe. Magazi awo timawaona miyezi itatu iliyonse, ndipo palibe chizindikiro chake."

"Nanga mapiritsiwa?"

"Ndi oona, amapatsidwanso kwa odwala khansa zina, koma ochuluka kwambiri. Awa amamwa pang'ono, kamodzi pa sabata, kuti chitetezo chawo chizizire mtima. Alipo mankhwala ena otseka makutu a maselo kuti asamve IL-6 n'komwe, koma kuno ndi ovuta kupeza."

Zulekha anali akulira mwakachetechete, mpango ataukokera kukamwa. Jamal anamva ngati wina wamutula thumba la simenti. Akanangothokoza n'kutuluka, koma lilime linamutsogolera.

"Ndiye sadzakhala nayo mpaka kalekale?"

Adokotala anavalanso magalasi. "Zimenezo sindingalonjeze munthu aliyense, ngakhale inu. Kutupa kokhalitsa zaka zambiri osakuzimitsa kumakweza pang'ono chiopsezo cha khansa zina. Pang'ono. N'chifukwa chake tikulimbana nako kuti kuzime."

Thumba lija linabwerera paphewa, lopepukako koma lilipo. Panja, podikira minibasi, Jamal anayesa kusanja zimene anamva. Alibe. Koma mwina. Koma pang'ono. Koma aliyense. Anayang'ana Zulekha, amene kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ankaseka ndi mayi wogulitsa nthochi, ndipo anaganiza zogwira liwu loyamba lokhalo.

* * *

Kunyumba anapeza Karima ali pakhonde, akudula anyezi ngati wapakhomo. Anadzuka n'kumugwadira pang'ono.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Mwaonda masiku awiri okha."

Jamal anamuyankha mwachidule n'kukhala moyang'anana ndi amayi ake.

"Ndachokera kuchipatala. Zulekha alibe khansa. Ali ndi wisulo m'magazi."

Abiti Idi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wameza wisulo?"

"Ayi, amayi. Tonse tili nayo. Inunso muli nayo. Kungoti yake ikulira popanda wakuba."

"Mwana uyu amudyetsa chiyani ku Kawale?"

Karima anabisa kuseka m'dzanja. Jamal anaona kuti akapitiriza aononga zonse, choncho anaika foni pamkeka n'kutsegula mawu a adokotala. Amayi ake anamvetsera atapendeketsa mutu. Pamene adokotala anati "Alibe," anakweza chala kuti abwereze. Anabwereza katatu. Jamal anafuna kuzimitsa pomwepo, koma Karima anali tcheru.

"Isiyeni ithe, achimwene. Zikuoneka kuti ikadalipo."

Mawu anapitirira mpaka pa "sindingalonjeze." Karima anaomba m'manja kamodzi.

"Mwamva, amayi? Ngakhale adokotala akukana kulonjeza."

Abiti Idi anapotokola mphonje ya mkeka. Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Karima, mwana wanga. Iwe umagulitsa mankhwala tsiku ndi tsiku. Unkadziwa kuti mapiritsi amenewa amamwanso a nyamakazi?"

"Amayi, ine ndinangoti..."

"Unkadziwa kapena sunkadziwa?"

Karima anayang'ana anyezi. "Zimalembedwa pa kapepala ka m'bokosi."

"Ndiye pa kapepala kanga unalembapo theka." Sanakweze mawu. "Siya anyeziwo, ndidula ndekha. Ukawapatse moni amayi ako."

Karima anatola chikwama chake. Pageti anatembenuka n'kuyang'ana Jamal, maso ali ofiira, mwina ndi anyezi, mwina ayi.

"Mufunseni zonse, achimwene. Bokosi lija lili ndi zolemba zambiri."

Geti litatsekeka, Abiti Idi anapuma mozama.

"Za wisulozi sindinazimve bwino, ndisakunamize. Yabwino, yoipa, yodyetsa akuba, mutu wanga wakana. Koma ndamva kuti alibe, ndipo ndamva munthu woopa Mulungu, wosalonjeza za mawa. Za bambo akonso palibe anandilonjeza." Anamugwira bondo. "Amalume ako apita Loweruka. Koma undimvere, Jamal. Bambo ako anasiya mwana mmodzi, ndiwe. Ine shuga wandidya, maso akuzima. Mukamanga ukwati wa nikaha, chaka chisathe ndisananyamule mdzukulu. Amenewo ndiwo mawu anga, ndipo amalume ako akawanena komweko pamaso pa abale ake."

"Zimenezo zokha?" Jamal anaseka, misozi ili m'maso. "Insha Allah, amayi, mudzanyamula mapasa."

* * *

Lachisanu atatuluka mumzikiti sanapite n'kunyumba komwe. Anakwera kabaza mpaka ku Kawale, kanzu yake ikuuluzika, n'kufika akupuma wefuwefu. Zulekha anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, akukanikiza mapegisi ndi chikhatho m'malo mwa zala monga anazolowera.

"Zatheka! Amalume akubwera mawa. Karima wathamangitsidwa ngati nkhuku yolowa m'khitchini."

Zulekha anasiya chovala chikulendewera mbali imodzi. Nkhope yake inawala, n'kugwira pakamwa.

"Amayi avomera? Popanda chilichonse?"

"Kanthu kakang'ono. Akufuna mdzukulu chaka chisanathe. Ndawauza kuti akonzeke mapasa."

Ankayembekeza kuti amugenda ndi pegisi, mwamanyazi. Koma kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono. Zulekha anakhala pa ndowa yovundikira n'kuika manja pamiyendo.

"Wawalonjeza?"

"Eya. Nanga pali vuto?"

"Jamal, dzulo ndisanakuitane ndinawapempha adokotala kuti nkhani imodzi asainene. Ndinati ndikuuza ndekha. Mapiritsi amenewa samwa munthu wofuna mwana. Amaononga mwana m'mimba. Ndikafuna kutenga pathupi, ndiyenera kuwasiya miyezi ingapo ndisanatenge, n'kukhala osamwa mpaka nditabereka ndi kuyamwitsa."

"Koma alipo ena. Sangalephere kukhalapo ena."

"Alipo, osaopsa kwa mwana. Ndi amene ndinayambira iwe usanandidziwe. Miyezi isanu ndi itatu ndinkamwa, ndipo amayi ndi amene ankandimanga mpango ndi kundigwirira kapu. Adokotala akuti tikhoza kuyesanso, mwina ulendo uno angagwire, mwina ayi. Akuti akazi ena akakhala ndi pathupi matendawa amagona okha, ena ayi. Ndipo unamva wekha zimene ananena za kutupa kosazimitsa."

"Ndiye ukamwa, mwana ayi. Ukasiya..."

"Beseni lija amayi ako akuliopa."

Jamal anayang'ana zovala pachingwe, anayang'ana mpanda, anayang'ana manja a Zulekha, amene lero anali osalala, zala zoongoka bwino. Dzulo lomweli ankayesa kuti funso ndi limodzi, ndipo layankhidwa. Mawa amalume ake adzakhala pabalaza la nyumba yomweyi n'kunena mawu a amayi ake pamaso pa anthu, ndipo iye anali atavomera kale akuseka.

"Bwanji sunandiuze kale?" anafunsa, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

"Ndinkafuna ndidziwe kaye ngati ndikhala ndi moyo. Za mwana ndinati zibwera pambuyo."

Zulekha analowa m'nyumba. Jamal anamva kabati ikutseguka. Anatuluka ndi kapu ya madzi kudzanja limodzi, ndipo linalo analifumbata. Anaika kapu pa ndowa ija, n'kugwira dzanja la Jamal, kwa nthawi yoyamba amayi ake ali pakhomo pomwepo, n'kulitambasula, n'kukhuthuliramo timapiritsi tachikasu.

"Tsiku langa lomwa ndi lero," anatero. "Walonjeza ndiwe. Undiuze, ndimwe kapena ndisamwe?"

Kutsogolo kwa nyumba amayi ake a Zulekha anaitana mokondwa, akufunsa ngati alendo a mawa amadya nkhuku kapena mbuzi. Jamal anaima chilili, kapu ya madzi ili patsogolo pake, timapiritsi tikuyamba kumata m'chikhatho chake cha thukuta.